Adokotala aja anachoka: mbiri ya vuto lakalekale la kuno ku Chigwa cha Shire

Mwezi uno danga la mbiri lagwera ine, ndiye ndasankha mawu amene aliyense wa ife anawamvapo pakhonde la chipatala: adokotala aja anachoka. Ena amati anapita kusukulu, ena amati anawasamutsa, ena amangonong'ona kuti anapeza ntchito ku bungwe. Amene wabwera m'malo mwawo angakhale munthu wabwino komanso wodziwa ntchito, koma inuyo sakukudziwani. Sakudziwa kuti mapiritsi oyamba aja anakutupitsani miyendo. Sakudziwa kuti mumachedwa chifukwa mumadalira bwato. Mumayambanso kufotokoza matenda anu kuchokera pachiyambi, kwinaku pamzere kunjako anthu akudandaula kuti mwakhalitsamo.

Choyamba tigwirizane pa mawu. Kuno aliyense wovala gawuni yoyera timamutcha adokotala, ndipo palibe cholakwika, ndi ulemu. Koma amene amatiwona m'zipatala zing'onozing'ono monga ku Sorgin kapena ku Phokera nthawi zambiri amakhala medical assistant, wophunzira zaka ziwiri, kapena clinical officer, wophunzira zaka zitatu n'kuwonjezera chaka choyeserera ntchito. Dokotala wa digiri kuti mumuwone ndiye mukhale ndi mwayi ku boma, mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kuchokera pa Bangula, kapena akutumizeni ku Queens. Boma la Nsanje lili ndi anthu pafupifupi 300,000 malinga ndi kalembera wa 2018. Ndiye ndikamati dokotala m'nkhani ino ndikunena onsewa, pokhapokha pamene ndasiyanitsa.

Mwina simukudziwa kuti mbiri ya chipatala chachizungu m'dziko muno inayambira pakhomo pathu pomwepa. Mu 1859 David Livingstone, amene anali dokotala, anakwera mtsinje wa Shire pamodzi ndi dokotala mnzake John Kirk. Awo anali odutsa. Mu 1861 kunabwera amishoni a UMCA motsogozedwa ndi Bishopu Charles Mackenzie, n'kukakhazikika ku Magomero. Kumayambiriro kwa 1862 bishopuyo anatsika ndi bwato kuti akakumane ndi Livingstone pamene Ruo amathira mu Shire, pa Chiromo apa, tsidya lina la Bangula. Panjira bwato linagubuduka ndipo mankhwala awo, kuphatikizapo kwinini, anapita ndi madzi. Dokotala wa mishoniyo sanali nawo paulendowo. Malungo atawagwira panalibe chochita. Mackenzie anamwalira pa 31 January 1862 ndipo anaikidwa pafupi ndi Chiromo. Mnzake Henry Burrup anafika ku Magomero ali wofookeratu, nayenso anamwalira patangopita milungu yochepa.

Taganizirani, amangwetu. Zaka zoposa 160 zapitazo, munthu kumwalira pa Chiromo chifukwa madzi atenga mankhwala ndipo dokotala ali kutali. Mukamuuza nkhani imeneyi munthu wa ku Makhanga osatchula chaka, akhoza kukufunsani kuti malirowo anali a kwa ndani.

Amishoni otsalawo anasamukira kwa Chibisa, ku Chikwawa, pamodzi ndi dokotala wawo John Dickinson. Ameneyu ndiye dokotala woyamba wachizungu amene anakhala pamalo amodzi n'kumathandiza anthu m'dziko muno, osati kungodutsa. Inali nthawi yoopsa: chilala, njala ndi nkhondo zogwira akapolo zinali kupululutsa anthu m'chigwa chonsechi. Dickinson ankatsuka zilonda ndi kupereka mankhwala iye mwini akudwaladwala. Anamwalira mu March 1863, asanakwanitse ngakhale zaka ziwiri m'dziko muno. Chaka chomwecho mishoni inasamukira kuphiri la Morambala ku Mozambique, kenako mu 1864 inapita ku Zanzibar. Mabuku a kusukulu amatiuza za manda a azunguwo. Ine ndimaganiza za munthu amene chilonda chake chinali chitayamba kupola. Anapita kwa ndani mwezi wotsatirawo? Anabwerera kwa asing'anga, amene analipo azungu asanabwere ndipo anatsala azungu atapita.

Pamenepa pali chinthu chimene ife ophunzira timachedwa kuchivomereza. Timadabwa kuti n'chifukwa chiyani agogo athu amathamangira kwa asing'anga chipatala chili pafupi. Sikuti ndikuchemerera mankhwala a zitsamba pa malungo kapena kolera, ayi ndithu, amenewo thamangirani kuchipatala. Koma sing'anga sasamutsidwa. Amadziwa mayi ako, amadziwa amene anakubereka, amakumbukira kuti chaka chatha unadwala chiyani. Chipatala chinabwera ndi mankhwala amphamvu, koma nkhope zake zimasinthasintha. N'chimodzimodzinso azamba akumudzi: boma linawaletsa kubereketsa mu 2007, Bingu wa Mutharika n'kufewetsa chiletsocho mu 2010, ndipo chimodzi chimene chinkawakokera amayi kwa iwo n'choti ankawadziwa.

Tibwerere ku mbiri. Dickinson atamwalira panapita zaka 12 kuti kubwerenso dokotala wodzakhala. Mu 1875 Robert Laws anakwera Shire yemweyu ndi sitima ya Ilala, imene inaphwasulidwa n'kunyamulidwa pamutu polambalala mathithi. Laws anakhala m'dziko muno mpaka 1927, zaka 52, moti anawona ana amene anawathandiza ali makanda akubwera ndi adzukulu awo. Koma zaka zimenezo anazithera ku Cape Maclear, ku Bandawe ndi ku Khondowe. A mishoni ya Blantyre anabwera mu 1876, nawonso anakwera kumtunda. Boma la atsamunda linakhazikika ku Zomba. Chigwa chathu chinasanduka msewu: madokotala ankatsikira pa Port Herald, limene ndi dzina lakale la Nsanje, kapena pa Chiromo, n'kuthawira kozizira. Ngakhale amishoni amene anasankha boma lathu lino anakwera kumapiri, ku Lulwe ndi ku Chididi. Sindikuwaweruza kwenikweni. Inunso mukudziwa mmene kumatenthera mu October, mpaka madigiri 40, udzudzu wa ku Dambo la Njovu uli pambali. Koma zotsatira zake n'zakuti kuno dokotala wakhala ali mlendo, ndipo akuluakulu anati mlendo ndi mame.

Nanga Amalawi eni ake? Amishoni anayamba msanga kuphunzitsa othandizira kuchipatala. Wodziwika kwambiri mwa oyambirira ndi John Gray Kufa wa mishoni ya Blantyre, amene atsamunda anamupha mu 1915 chifukwa chokhala mbali ya John Chilembwe. Dokotala woyamba wa digiri anali Daniel Sharpe Malekebu wa ku Chiradzulu, amene anamaliza maphunziro pa Meharry Medical College ku America mu 1917. Atafuna kubwerera, boma la atsamunda linayamba lamukaniza, anakakhala ku Liberia, ndipo anafika kwawo mu 1926 kudzatsegulanso mishoni ya PIM. Dziko lopanda madokotala kukaniza dokotala wake kulowa, eti.

Wachiwiri mukumudziwa nonse: Hastings Kamuzu Banda. Nayenso anamaliza pa Meharry mu 1937, n'kukawonjezera maphunziro ku Edinburgh mpaka 1941. Ankafuna kudzagwira ntchito kuno, koma tsankho la nthawi imeneyo linatseka khomo, popeza azungu ena sankafuna kugwira ntchito pansi pa dokotala wakuda. Anagwira ntchito ku Liverpool, ku North Shields, kenako ku London, ndipo kumeneko anali dokotala wa mabanja. Ku Britain, makamaka kuyambira 1948 pamene anakhazikitsa chithandizo chaulere cha NHS, banja lililonse limalembetsa kwa dokotala wa m'dera lawo. Ameneyo ndiye amakuwonani kuyambira chifuwa cha mwana mpaka nyamakazi ya agogo, amasunga failo yanu, ndipo mukafunika kuchipatala chachikulu ndi iye amakulemberani kalata. Akachoka, failo imatsala kwa womulowa m'malo. Ndiye taonani: Mmalawi anali dokotala wa mabanja a ku London pamene mabanja a ku Port Herald sankadziwa n'komwe kuti kuli udokotala wotero. Atabwerera pa 6 July 1958, atakhalakonso ku Kumasi ku Ghana, anabwerera ngati wandale.

Ndipo ngakhale dziko linkalamulidwa ndi dokotala, panatha zaka 27 chilandirireni ufulu tisanakhale ndi sukulu yathu ya udokotala. Ophunzira ankatumizidwa kunja, ndipo ambiri sankabwerera, ena chifukwa cha malipiro, ena chifukwa choopa ndale za nthawiyo. College of Medicine inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, ndipo mmodzi mwa amene anailimbikira kwambiri anali Pulofesa John Chiphangwi. Mu 2021 inaphatikizidwa ndi Kamuzu College of Nursing n'kukhala KUHeS. Pa zaka zonse zodikirazo, dziko linadalira njira ina: mu 1976 ku Lilongwe kunayamba maphunziro a ma clinical officer, anthu amene mpaka lero ndiwo amachita maopaleshoni ambiri a amayi oyembekezera m'zipatala za m'maboma.

Kuno kwathu panali nthawi imodzi imene madokotala anachulukako, ndipo makolo anu akhoza kukuuzani. Kuyambira 1986 nkhondo ya ku Mozambique inathamangitsira anthu kuno. Dziko lonse linalandira othawa kwawo oposa 1 miliyoni, ndipo m'boma la Nsanje alendo anafika pochuluka kuposa eni mudzi. Mabungwe akunja monga MSF anabwera ndi madokotala, anamwino ndi magalimoto, ndipo mu 1990 analimbana ndi kolera pamsasa wa Nyamithuthu. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, othawa nkhondo anayamba kubwerera, mabungwe nawo n'kupakira katundu. Anagwira ntchito yaikulu, tisawanyoze. Koma ndi kachitidwe komwe kaja ka 1863: thandizo limabwera ndi tsoka, tsoka likatha limapita, wodwala mphumu kapena khunyu n'kutsala pomwe anali.

Kenako Edzi inafika pachimake. Inapha odwala, inaphanso anamwino ndi madokotala, pamene ena ankapita ku Britain. Mwina munamvapo zoti ku Manchester kuli madokotala achimalawi ambiri kuposa m'Malawi monse. Wailesi ya BBC inafufuza mu 2012 n'kupeza kuti si zoona. Koma mphekeserayo inamveka chifukwa zenizeni zinali zochititsa mantha kale: mu 2004 madokotala a digiri m'zipatala za boma ndi za mishoni anali 43 okha. Boma, mothandizidwa ndi Britain ndi Global Fund, linayambitsa ndondomeko yapadera: kukweza malipiro a ogwira ntchito zachipatala ndi 52 peresenti, kuchulukitsa ophunzira, ndi kubwereka madokotala odzipereka akunja. Pofika 2009 chiwerengero chija chinafika 265. Zinathandiza ndithu. Koma mu 2015 tinamvanso zodabwitsa, kuti madokotala 51 ongomaliza kumene maphunziro boma likulephera kuwalemba ntchito chifukwa chosowa ndalama. N'chifukwa chake lero ku Lesotho mukapezako madokotala ophunzitsidwa ku Blantyre. Ndipo mwa amene amatsala m'dziko muno, ndi angati amene amapempha okha kuti atumizidwe ku Nsanje?

Ndiye funso n'kumati, ngati dokotala wakhala mlendo kwa zaka zonsezi, chithandizo chakhala chikuyenda bwanji? Mbiri imene sitiphunzira kusukulu ndi ya anthu otsala. Alangizi a zaumoyo, aja a yunifolomu ya buluu oyenda panjinga, anachokera kwa obaya katemera wa nthomba m'zaka za m'ma 1960 ndi othandiza pa kolera amene analembedwa matendawa atalowa m'dziko muno mu 1973. Pofika 2009 anali ataposa 10,000, ndipo kuyambira 2008 ena mwa iwo amachititsa kachipatala ka m'mudzi kothandiza ana odwala malungo, chibayo ndi kutsegula m'mimba. Mlangizi akhoza kukhala pamudzi umodzi zaka khumi. Amadziwa nyumba imene mwana sanamalize katemera, amadziwa bambo amene anasiya mankhwala a TB. Pamene ma ARV aulere anayamba mu 2004, dziko lathu linalola ma clinical officer ndi anamwino kuyambitsa anthu mankhwala, chifukwa kudikira dokotala wa digiri kukanakhala kudikira imfa. Anansi athu a ku Tete mu 2008 anayambitsa timagulu ta anthu osapitirira 6 amene amasinthana kukatengerana ma ARV, ndipo nzeru imeneyo inafika ku Thyolo. Onsewa si madokotala a mabanja, koma ndi amene agwira chingwe kuti chisaduke.

Ndipo pali wotsala wina amene timamupeputsa: buku la kuchipatala. Dziko lathu linayamba kugwiritsa ntchito timabuku timeneti zaka zoposa 20 zapitazo. Ku London failo imakhala kwa dokotala. Kuno failo imakhala kwa inu. Kupatula amene ali pa ma ARV kapena mankhwala a TB, amene ali ndi khadi lotsala kuchipatala, ambirife mbiri ya matenda athu ili m'kabuku kameneko basi. Kaundula wa kuchipatala amalemba dzina, mudzi ndi matenda a tsikulo, koma palibe amene angakhale pansi n'kumafufuza dzina lanu m'makaundula a zaka zitatu pamzere pali anthu 100. Dokotala watsopano akatsegula buku lanu, amakhala akulankhula ndi mnzake amene anachoka uja. Buku likasowa, kukambiranako kwatha.

Pa malungo zilibe kanthu kwenikweni, akuyezani, akupatsani LA, mwapita. Vuto lili pa matenda okhalitsa: BP, shuga, khunyu, mphumu, matenda a mtima, matenda a maganizo. Amenewa mankhwala ake amachita kuyeserera, kukweza, kutsitsa, kusintha, kwa miyezi. Pali agogo ena m'mudzi mwathu amene adokotala anavutika nawo chaka chathunthu mpaka BP inakhazikika. Adokotalawo anasamutsidwa, buku linanyowa n'kumatana, ndipo agogowo ankangodziwa kuti amamwa kakang'ono koyera m'mawa ndi kena usiku. Timapiritsi toyera tating'ono tilipo tambirimbiri, anzanga. Watsopanoyo anayambiranso poyamba, ndipo miyezi ingapo agogowo anali ndi chizungulire moti kumunda anasiya. Palibe amene anachita mwankhanza pamenepa. Chinasowa ndi pepala chabe.

Tsono kumbukirani kumene tikukhala. January 2015, Makhanga atazunguliridwa ndi madzi. Idai mu March 2019. Ana mu January 2022. Freddy mu March 2023. Amene munafika pamsasa wa pa Bangula mukudziwa kuti munthu wothawa madzi usiku amanyamula mwana, osati buku. Chiwonongekereni njira ya pa Mtayamoyo mu 1997, kuwoloka pakati pa Bangula ndi tsidya la kum'mawa, kumene kuli chipatala cha Trinity ku Muona, n'kwa bwato. Buku lathu limayenda pamadzi omwe aja anameza kwinini wa Mackenzie. Ifenso tili ndi zizolowezi zathu zoipa, tinene zoona. Buku likadzaza timataya kapena kukulungira mbewu. Ena ali ndi mabuku atatu, lina la ku Kalemba, lina la ku boma, lina lobisa kuti akunyumba asawone. Ena amabwereka buku la mlongo wawo. Dokotala n'kumawerenga mbiri ya munthu wina akuyang'ana nkhope yanu!

Kumbali ya boma chilipo chimene chasuntha. Mu 2015 College of Medicine inayamba kuphunzitsa madokotala ukatswiri wa zaka zinayi wa udokotala wa mabanja, ndipo anasankha kuti aziphunzirira pachipatala cha boma la Mangochi, osati ku Queens, kuti azolowere ntchito ya kuboma. Maganizo ake ngabwino: dokotala wodziwa ana, amayi, akuluakulu ndi opaleshoni yofunika msanga, amene angakhazikike pamalo n'kumaphunzitsa anzake. Koma amamaliza ochepa pachaka, ndipo maboma alipo 28. Ine ndikuwona kuti tikamadikira kuti banja lililonse kwa Mbenje lidzakhale ndi dokotala wake ngati ku London, tidzakalamba tikudikira. Chimene chingatheke msanga n'chakuti wochoka azisiyira mnzake ndondomeko ya odwala matenda okhalitsa, ndiponso kuti anthu azidziwitsidwa kusadafike tsiku, osati kungopeza chitseko chili ndi nkhope ina. Zimenezi tikhoza kuzifunsa kudzera ku komiti ya chipatala, imene ili ndi anthu a m'midzi mwathu momwemu. Tifunsenso za nyumba za ogwira ntchito. Munthu wochokera ku Mzimba kumuika m'nyumba yodontha, yopanda magetsi, kutentha kwa kunoku, mwezi wachitatu ayamba kulemba kalata yopempha kusamuka, ndipo inunso mukanatero.

Bungwe la WHO mu 2010 linalangiza mayiko kuti azitenga ophunzira ochokera kumidzi, popeza amenewo ndi amene amabwerera kukagwira ntchito kumidzi. Kwa ife zikutanthauza inu amene muli Fomu 3 ndi Fomu 4. Malawi College of Health Sciences ndi Malamulo ku Thyolo amafuna makirediti a sayansi, ndiye Biology, Physics ndi Chemistry musaziwope. Mwana wa kuno safunika womasulira agogo akamafotokoza ululu wawo m'Chisena, ndipo kutentha kwa October anabadwa nako. Sindikulonjeza kuti simudzathawa, nanunso mudzafuna malipiro abwino. Koma maliro, maukwati ndi munda wa amayi anu zidzakhala kuno, ndipo zimenezo zimagwira mwendo kuposa kalata ya ku unduna.

Pakadali pano, Loweruka likubwerali tikakumana, aliyense abwere ndi foni yotchaja ndi majumbo olimba angapo. Tigawana midzi. Tikafika pakhomo pamene pali wodwala matenda okhalitsa, tipemphe kaye chilolezo kwa mwini buku, ndipo akakana tisakakamize. Akalola, tijambule masamba amene ali ndi mayina a mankhwala ndi mlingo wake, makamaka pafoni ya mwana wawo kapena mdzukulu amene iwo amusankha, kenako buku lakale ndi latsopano tizimange pamodzi m'jumbo. Zithunzizo zisalowe m'gulu lathu la WhatsApp kapena pa Facebook, ngakhale mwanthabwala, chifukwa matenda a munthu ndi chinsinsi chake. Pamene zolemba za adokotala sizikuwerengeka musalote, lembani dzina la mudziwo, tikapemphe alangizi a zaumoyo atithandize kuwerenga. A tsidya la kum'mawa amene simungawoloke, tiuzeni pofika Lachinayi kuti tidziwe chiwerengero cha majumbo.